Wovulala kwambiri akafika kuchipatala: zochita mu mphindi zoyambirira

Malangizowa ndi a anamwino, ma medical assistant ndi ma clinical officer amene amalandira ovulala pa health centre kapena pachipatala cha m'boma, kumene kulibe CT scan ndipo dokotala wa opaleshoni ali kutali. Wovulala kawirikawiri safika pa ambulansi. Amabwera kumbuyo kwa pikapu, kapena atamupanikiza pakati pa anthu awiri pa njinga yamoto, popanda wokuchenjezani. Minibasi ikagubuduzika pamsewu wa M1 amafika ambiri nthawi imodzi, khamu la anthu lili pambuyo.

Maso a aliyense amathamangira pa chooneka choopsa: fupa lotulukira pamsongolo, nkhope yong'ambika. Zimenezo sizipha munthu mu mphindi 10. Zopha msanga ndi magazi otuluka mwamphamvu, njira ya mpweya yotsekeka, mpweya wopanikiza mapapo m'chifuwa, ndi magazi otayikira m'kati mosaoneka. Ndondomeko ya ABCDE (A njira ya mpweya, B kupuma, C kayendedwe ka magazi, D ubongo, E kuvula ndi kuona thupi lonse) inakonzedwa kuti muzifufuza zinthuzi motsatana, kuyambira chopha msanga. Inafala ndi maphunziro a kasamalidwe ka ovulala otchedwa ATLS (Advanced Trauma Life Support), amene anayamba ku Nebraska ku America mu 1978, dokotala wa mafupa James Styner ataona mmene banja lake linasamalidwira pa ngozi ya ndege mu 1976. Maphunziro a Primary Trauma Care amene ambiri kuno anachita amatsata mzere womwewo, kungoti anawakonzera zipatala za zipangizo zochepa.

Lamulo lake ndi ili: vuto mukalipeza pa chilembo china, lithetseni pomwepo musanapite pa chotsatira. Wodwala akasintha nthawi ina iliyonse, bwererani pa A.

Akangolowa

Valani magolovesi ndi epuloni, ndi magalasi ngati alipo. Munthu mmodzi akhale wotsogolera, aime kumapazi kwa bedi, azipereka ntchito potchula dzina: uyu kumutu, uyu madiripi, uyu azilemba nthawi. Gadiyani mmodzi amene anaona ngoziyo atsale, ena onse adikire panja. Musadikire kalata ya kupolisi kapena buku la kuchipatala kuti muyambe.

Akafika ambiri, yambani ndi amene ali chete. Amene akukuwa kuti mwendo wake ukupweteka wakuuzani kale kuti njira yake ya mpweya ndi yotseguka ndipo magazi akufika ku ubongo. Amene wagona pakona osadandaula, thukuta lili kamukamu, ndiye angamwalire muli kalikiliki ndi mnzake.

Magazi othamanga amayamba, A asanafike

Ngati magazi akutumphuka kapena akuyenderera mpaka kudikha pansi, aletseni kaye. Lowetsani gauze m'kati mwenimweni mwa bala, mudzazemo thothotho, kenako kanikizani ndi manja onse awiri mphindi 10 osasuzumira. Cholakwika chofala ndi kusanjika thonje pamwamba n'kukulunga bandeji momasuka: thonjelo limangomwa magazi, mtsempha uli pansi ukutayabe.

Pa mkono kapena mwendo, kukanikiza kukakanika, mangani tourniquet, lamba wofinya mitsempha kuti magazi asadutse, masentimita 5 mpaka 7 pamwamba pa bala, osati pabondo kapena pachigongono. Potokolani mpaka magazi asiye ndipo kugunda kwa mtsempha kumunsi kuzime. Imapweteka kwambiri, ndipo wodwala adzakupemphani kuti mumasule, musamasule. Yomanga mosalimba ndi yoipa kuposa kusamanga, chifukwa imatseka mitsempha yobwezera magazi n'kusiya yobweretsa, ndiye bala limatuluka magazi koposa. Imodzi ikalephera, onjezani yachiwiri pamwamba pake. Popanda tourniquet yogula, pindani chitenje chikhale chotambalala masentimita 5, mangani mfundo, lowetsani kamtengo kolimba n'kupotokola. Kafu ya makina a BP imagwiranso ntchito: ipopeni mpaka magazi asiye, n'kupana machubu ake ndi artery forceps. Waya, chingwe ndi mphira wa njinga zimadula minofu ndi mitsempha, musagwiritse ntchito. Lembani nthawi imene mwamanga pa pulasitala n'kumata pamphumi. Pasanathe maola 2, wodwala akhale pamalo pamene mtsemphawo ungamangidwe.

Bala la m'mutu limataya magazi ambiri kuposa mmene anthu amaganizira, makamaka mwa ana. Lisokeni msanga ndi ulusi waukulu wogwira khungu lonse. Zokongoletsa zidzachitika pambuyo. Mpeni kapena chitsulo chobaya chimene chikadali m'thupi musachizule, chichirikizeni ndi gauze mbali zonse.

A: njira ya mpweya ndi khosi

Gwirani mutu ndi manja awiri kuti usagwedezeke, n'kufunsa: "Bambo, dzina lanu ndani? Chachitika n'chiyani?" Akayankha bwino ndi mawu ake enieni, A ali bwino pakadali pano. Akapanda kuyankha, mvetserani. Nkonono ndiye kuti lilime lagwera kumbuyo. Phokoso la madzi pakhosi ndi magazi kapena masanzi. Kulira kwa mluzu pokoka mpweya, kapena mawu osasa, ndiye kuti kholingo latupa kapena lavulala, ndipo limenelo lingatsekeke nthawi iliyonse.

Tsegulani pakamwa, yamwani ndi suction pamene mukuona, chotsani mano othyoka ndi forceps. Musapise chala mwakhungu. Kenako kankhirani nsagwada kutsogolo: zala kuseri kwa ngodya ya nsagwada mbali zonse ziwiri, n'kunyamulira m'mwamba, mutu osaupendeketsa chagada. Ngati wakomoka, ikani Guedel, kachubu kokhota ka mkamwa koletsa lilime kugwera kumbuyo. Yezani kuchokera pa mano akutsogolo kufika pa ngodya ya nsagwada. Yaifupi imakankhira lilime kumbuyo, yaitali imatseka kholingo. Kwa wamkulu ilowetseni chozondoka n'kuitembenuza ili m'kati, kwa mwana ilowetseni molunjika mutapanikiza lilime. Akayamba kuikana kapena kufuna kusanza, ichotseni. Chubu cha m'mphuno musachiike ngati pali zizindikiro zoti chigaza chasweka pansi: maso onse awiri atada mozungulira, magazi kapena madzi oyera akutuluka m'khutu kapena m'mphuno.

Amene GCS yake (muyeso wa kutsitsimuka kwa munthu, wochokera pa 3 kufika pa 15) ndi 8 kapena kutsika, amene nkhope yaphwanyika, ndi amene wapsa kumaso, tsitsi la m'mphuno litawauka ndi mwaye mkamwa, amafunika chubu cha m'kholingo. Itanani wa anaesthesia msanga, kutupa kusanafike poipa. Chubu chikakanika kulowa ndipo Ambu bag, thumba lopopera mpweya ndi manja, sikulowetsa mpweya, chatsala ndi cricothyroidotomy: chekani pa kambali kofewa ka pansi pa nkhwiko, lowetsani chubu cha saizi 6. Kwa mwana wosafika zaka 12 gwiritsani kanyula yaikulu m'malo mocheka.

Khosi litengeni ngati lathyoka mwa aliyense wokomoka, woledzera, womva kupweteka kumbuyo kwa khosi, kapena wa dzanzi m'manja ndi m'miyendo. Kolala yochirikiza khosi ikasowa, ikani matumba a mchenga kapena mabotolo a diripi mbali zonse za mutu, n'kumata pulasitala kudutsa pamphumi. Chisoti cha wa kabaza chivulidwe ndi anthu awiri, wina atagwira khosi kuchokera pansi. Koma wodwala amene akuphiriphitha musamumangirire mutu pabedi thupi likugubuduka, chifukwa pamenepo ndi pamene khosi limapotokera. Ndipo musaope kutsegula njira ya mpweya chifukwa choteteza khosi. Akayamba kusanza, mutembenuzeni thupi lonse pamodzi, mutu ndi msana zili mzere umodzi.

Wovulala waukali, wotukwana, wofuna kudzuka, muganizireni kaye kuti akusowa okosijeni. Kumubaya diazepam kuti agone musanaone A ndi B kwaphetsa anthu.

B: kupuma

Perekani okosijeni kwa aliyense wovulala kwambiri, malita 15 pa mphindi pa masiki ya kathumba ngati muli ndi silinda. Concentrator imapereka malita 5 kapena 10 okha. Perekani onse amene ingathe. Mukufuna SpO2, muyeso wa okosijeni m'magazi pa kamakina kopana chala, ya 94 kapena kuposa. Chala chikazizira makina sawerenga bwino, yesani pakhutu.

Vulani chifuwa chonse. Werengani kapumidwe kwa mphindi yathunthu: wamkulu amapuma ka 12 mpaka 20, ndipo kupitirira 30 kapena kuchepera 10 ndi ngozi. Onani ngati mbali zonse zikukwera mofanana. Papasani nthiti, ndi khungu ngati likuthetheka chifukwa cha mpweya wolowa pansi pake. Gogodani, kenako mvetserani m'khwapa mbali zonse, osati kutsogolo kokha kumene phokoso la papo lina limadutsira. Musaiwale kuyang'ana m'khwapa ndi kumsana ngati wabayidwa.

Chimene muyenera kuchigwira pano ndi tension pneumothorax. Papo likabooka, mpweya umalowa m'chifuwa pa kupuma kulikonse koma osatuluka. Umafinya papolo, n'kukankha mtima ndi mitsempha ikuluikulu mpaka magazi kulephera kubwerera kumtima. Wodwala amabanika, mtima umathamanga, BP imagwa, mbali imodzi simveka mpweya ndipo pogogoda imamveka yopanda kanthu m'kati. Kupatuka kwa kholingo kumabwera mochedwa, ndipo mitsempha ya m'khosi situpa ngati munthu wataya magazi ambiri, choncho musadikire zizindikiro ziwirizi. X-ray musaidikirenso. Wodwala amene waipiraipira mutangoyamba kumupopa ndi Ambu bag, ganizirani vutoli poyamba.

Tengani kanyula ya 14G, yaitali ndithu. Kwa wamkulu bayani pa mpata wa nthiti wa 4 kapena 5, patsogolo pang'ono pa mzere wotsika pakati pa khwapa. Kwa mwana bayani pa mpata wa 2, pa mzere wotsika pakati pa fupa lopingasa la m'munsi mwa khosi. Dutsani pamwamba penipeni pa nthiti ya m'munsi, chifukwa mitsempha imayenda kunsi kwa nthiti iliyonse. Mudzamva mpweya ukutuluka. Kanyulayi imangokupatsani mphindi zochepa, imapindika kapena kutsekeka msanga, ndiye chest drain, chubu chotulutsa mpweya ndi magazi m'chifuwa, itsatire pomwepo.

Poika chest drain, malo ndi mpata wa 5, pa msinkhu wa nsonga ya bele mwa mwamuna, kapena pamene bele limathera mwa mayi, patsogolo pa mzere wa pakati pa khwapa. Kwa mayi woyembekezera kwerani mpata umodzi kapena iwiri. Bayani lignocaine wa 1%, osapitirira 3 mg pa kilogalamu, mpaka kufika pa nthiti. Chekani masentimita 3, patulani minofu ndi artery forceps pamwamba pa nthiti mpaka mubowole, kenako lowetsani chala kuti mutsimikize kuti muli m'chifuwa, simuli pachiwindi kapena pakapamba. Chitsulo chosongoka chimene chimabwera m'kati mwa chubu chichotseni, musabayire. Chubu cha 28 mpaka 32 Fr chimakwana. Mabowo ake onse alowe m'kati. Lumikizani ku botolo, nsonga ya chubu itamira masentimita 2 m'madzi, ndipo muone madzi akukwera ndi kutsika ndi kupuma. Magazi akatuluka 1,500 ml nthawi imodzi, kapena 200 ml pa ola kwa maola 2 mpaka 4, wodwalayo ndi wa ku fiyeta.

Bala la pachifuwa loyamwa mpweya liphimbeni ndi pulasitiki yoyera, mumate mbali zitatu n'kusiya imodzi yotulukira mpweya, kenako ikani drain pamalo ena, osati m'balamo. Nthiti zambiri zikathyoka mpaka chigawo cha chifuwa kumalowa m'kati pamene kwina kukutuluka, chithandizo ndi okosijeni ndi mankhwala okwanira oletsa ululu. Musamange chifuwa ndi bandeji.

C: kayendedwe ka magazi

Apa ndi pamene ovulala ambiri amatipulumukira, chifukwa BP imanama. Wamkulu wa makilogalamu 70 ali ndi magazi pafupifupi malita 5, ndipo mnyamata wamphamvu angataye lita imodzi ndi theka BP isanatsike. Mwana amaigwira BP mpaka kumapeto, kenako n'kugweratu kamodzi. Dalirani izi: mtima wothamanga kupitirira 100, manja ozizira a thukuta, m'zikope moyera, chikhadabo chochedwa kubwerera mtundu kupitirira masekondi 2 mukachifinya, ludzu, ndi kusakhazikika. Njira yachidule: kugunda kwa mtima kukaposa nambala ya pamwamba ya BP, mwachitsanzo 115 pamene BP ndi 105, munthuyo akutaya magazi mpaka mutatsimikiza kuti ayi. Agogo amene amamwa atenolol kapena propranolol mtima wawo suthamanga ngakhale atataya magazi ambiri. Hb yoyamba, muyeso wa kuchuluka kwa magazi, nayonso imanama, chifukwa magazi amakhala asanasungunuke. Hb ya 12 mu ola loyamba isakutonthozeni.

Funso ndi lakuti magaziwo akupita kuti. Kupatula pansi ndi pa zovala, malo ndi anayi: m'chifuwa, m'mimba, m'chiuno, ndi m'ntchafu. M'mutu mwa wamkulu simungalowe magazi okwanira kugwetsa BP, choncho wovulala m'mutu amene BP yatsika akutayira kwina.

Chifuwa mwachiona kale. Mimba ipapaseni, koma dziwani kuti lita yathunthu ingabisale m'mimba yosatupa, ndipo wokomoka kapena woledzera sadandaula. Nthiti za m'munsi zothyoka kumanzere zikukumbutseni kapamba, kumanja chiwindi. Kapamba wotupa ndi malungo a kawirikawiri amaphulika ndi kugunda kochepa, ngakhale chigongono cha pa mpira. Ngati pali makina a sikani, ngakhale a ku maternity, yang'anani madzi malo anayi: pakati pa chiwindi ndi impso, mozungulira kapamba, kuseri kwa chikhodzodzo, ndi mozungulira mtima. Sikani yoyamba ikapanda kuonetsa kanthu, bwerezani pakapita mphindi 15 kapena 30.

Chiuno musachigwedeze pofuna kumva ngati chathyoka, chifukwa mumaswa magazi amene anayamba kuundana. Ngati munthu wagundidwa ndi galimoto, wapanikizidwa, kapena wagwa kuchokera patali, ndipo akumva kupweteka m'chiuno kapena ali mu shock (magazi sakufika mokwanira m'ziwalo), mangani basi. Pindani nsalu ya pabedi kapena chitenje, chidutse pa mafupa otundumuka a m'mbali mwa ntchafu kumtunda, pa msinkhu wa chinena. Ambiri amamanga pamwamba, pamene pamadutsa lamba wa thalauza, ndipo pamenepo sichigwira kanthu. Anthu awiri akoke mbali zosiyana, n'kupana ndi ma forceps. Mangani mawondo ndi akakolo pamodzi, zala za kumapazi zitayang'anana. Fupa la ntchafu limodzi lothyoka limataya lita imodzi mpaka imodzi ndi theka; likokeni liwongoke n'kulichirikiza, magazi ndi ululu zimachepa.

Ikani makanyula awiri aakulu m'mikono, 14G yaolenji kapena 16G yotuwa. 18G yobiriwira ndiye yochepetsetsa. Kanyula yapinki siyothira magazi mwachangu. Musaike pa mkono wothyoka, ndipo ngati mimba kapena chiuno zavulala musaike m'miyendo. Mukalephera kawiri, bayani m'fupa la msongolo kumtunda, kapena chitani cutdown pa kakolo, kucheka khungu kuti mupeze mtsempha. Magazi okayeza gulu ndi cross-match (kuona ngati akugwirizana ndi amene adzalandire) tengani nthawi yomweyo, ndipo mayi aliyense wa msinkhu wobereka ayezedwe mimba.

Pa madzi a diripi, kale tinkathira malita ambiri. Masiku ano ayi. Kuthira madzi mwa munthu amene akutayabe magazi kuli ngati kutungira mu ndowa yobooka, ndiponso madziwo amasungunula zoundanitsa magazi, amaziziritsa thupi, ndipo BP ikakwera msanga imakankha magazi amene anaundana pabala. Perekani Ringer's lactate kapena normal saline wofunda, 250 mpaka 500 ml nthawi imodzi n'kuonanso, osapitirira lita imodzi musanayambe magazi. Kwa mwana ndi 20 ml pa kilogalamu, kenako magazi 10 mpaka 20 ml pa kilogalamu. Dextrose wa 5% sakhala m'mitsempha, musamugwiritse ntchito pano. Mpaka kutaya magazi kutaletsedwa, BP ya pamwamba ya 80 mpaka 90 ndi yokwanira ngati munthu akuyankhula ndipo mtsempha wa padzanja ukumveka. Wovulala m'mutu yekha ndiye wosiyana: ameneyo BP isatsike pansi pa 110, chifukwa ubongo wotupa umafuna mphamvu kuti magazi alowemo.

Itanitsani magazi msanga, musadikire kuti madzi alephere. Magazi a O negative ndi osowa. Asungireni atsikana ndi amayi obereka, amuna angalandire O positive podikira cross-match. Perekani tranexamic acid, mankhwala ochepetsa kutaya magazi, 1 g m'mtsempha kwa mphindi 10, kenako 1 g wina m'diripi kwa maola 8. Mwana 15 mg pa kilogalamu. Kafukufuku wa CRASH-2 wa mu 2010, wa odwala oposa 20,000 m'mayiko 40, anaonetsa kuti amachepetsa imfa, koma aperekedwe pasanathe maola 3 chivulalireni. Kupitirira apo sathandiza ndipo angavulaze. Ku casualty akasowa, kafunseni ku maternity, kumene amasungira amayi otaya magazi pobereka.

Onani mmene wodwala akuyankhira. Akakhazikika n'kukhalabe choncho, muli ndi nthawi yofufuza. Akakhala bwino pang'ono n'kugwanso, kapena osasintha n'komwe, akutayabe magazi ndipo mankhwala ake ndi opaleshoni, osati botolo lina la diripi. Ngati simukupeza kotayikira, ganiziraninso tension pneumothorax, magazi ozungulira mtima mwa wobayidwa pachifuwa, kapena msana wothyoka, umene umapereka BP yotsika, mtima wosathamanga ndi miyendo yofunda.

Mayi wa mimba yopitirira masabata 20 asagone chagada, chiberekero chimapanikiza mtsempha waukulu wobwezera magazi. Kankhirani chiberekero kumanzere ndi manja, kapena pendeketsani thupi lonse kumanzere.

D: ubongo

Mwachangu gwiritsani AVPU: ali maso, akuyankha mawu, akuyankha ululu wokha, kapena sakuyankha. Woyankha ululu wokha ali pafupi ndi GCS 8. Kenako werengani GCS yonse ndipo mulembe zigawo zake padera, maso pa 4, mawu pa 5, kusuntha pa 6, kuti wobwera pambuyo panu aone chimene chasintha. Unikani ana a maso. Muuzeni asunthe manja ndi miyendo yonse.

Yezani shuga mwa aliyense wosokonezeka. Akatsika pansi pa 3.5 mmol/L, perekani dextrose wa 50%, 25 mpaka 50 ml. Mwana dextrose wa 10%, 5 ml pa kilogalamu. Fungo la kachasu lisakupusitseni. Woledzera ndi amene amagwa ndi kugundidwa, ndipo "angogona, mowa ukatha adzuka" ndi mawu amene amapezetsa mtembo m'mawa. Chenjeraninso ndi amene anakomoka pang'ono, n'kudzuka, n'kumacheza bwinobwino, makamaka ngati wamenyedwa chapafupi ndi khutu: magazi angakhale akusonkhana pansi pa chigaza. GCS ikatsika ndi 2, mwana wa diso mmodzi akakula, akamasanza mobwereza, kapena mtima ukayamba kuchedwa BP ikukwera, imbani foni ku chipatala chachikulu nthawi yomweyo.

Chimene mungachitire ubongo pamalo anu ndi kuuteteza ku okosijeni wochepa ndi BP yotsika. Kwezani kumutu kwa bedi madigiri 30 ngati BP ili bwino, popendeketsa bedi lonse ngati msana mukuukayikira. Kolala isafinye mitsempha ya m'khosi. Akakomoka ndi kugwedezeka perekani diazepam 10 mg pang'onopang'ono, Ambu bag ili pafupi. Dexamethasone ndi hydrocortisone musapereke pa kuvulala kwa m'mutu, mankhwala a mtundu umenewu (ma steroid) anapezeka kuti amawonjezera imfa.

E: vulani, onani, fundikani

Dulani zovala ndi sizasi, musazikoke. Mutembenuzeni anthu anayi: wa kumutu ndiye amawerenga ndi kulamula, awiri agwire thupi, wina miyendo, ndipo wina apapase msana wonse ndi kuyang'ana matako ndi pakati pa miyendo. Ngati chiuno chathyoka, chepetsani kutembenuzaku. Mukatha mufundikeni mabulangete pomwepo, chotsani nsalu zonyowa, tsekani mawindo. Ngakhale mwezi wa Okutobala, munthu wotaya magazi amazizidwa, ndipo magazi ozizira saundana. Mabotolo a diripi afunditseni m'beseni la madzi ofunda, osati otentha.

Mukamaliza ABCDE

Bwerezaninso kuyambira pa A. Zonse zikakhala bwino, ikani katheta ya mkodzo, pokhapokha ngati pali magazi pa nsonga ya chida cha abambo, kapena kutupa ndi kuda pakati pa miyendo. Pamenepo njira ya mkodzo ingakhale yoduka. Mkodzo ukhale 0.5 ml pa kilogalamu pa ola kwa wamkulu, 1 ml kwa mwana. Chubu cha m'mimba chidutse mkamwa, osati m'mphuno, ngati chigaza mukuchikayikira. X-ray zofunika poyamba ndi ziwiri, chifuwa ndi chiuno, ndipo wodwala wosakhazikika asapite ku X-ray.

Ululu uletseni. Morphine 2 mpaka 3 mg m'mtsempha, kubwereza pakapita mphindi 5 mpaka 10, kapena ketamine 0.1 mpaka 0.3 mg pa kilogalamu ngati BP ndi yotsika. Jakisoni wa m'tako salowa m'thupi la munthu wa shock, amadzalowa onse pamodzi magazi akayamba kuyenda. Diclofenac mupeweni mwa wotaya magazi.

Fupa lotulukira kunja: ceftriaxone 2 g m'mtsempha mu ola loyamba, katemera wa kafumbata 0.5 ml, chotsani dothi looneka, phimbani ndi gauze wonyowa ndi saline, chirikizani. Musasoke. Jambulani chithunzi pafoni, wodwala kapena gadiyani atavomera, kuti ena asamavundukule bala kawirikawiri. Mverani mtsempha wa kuphazi musanawongole ndiponso mutawongola. Mwendo wotupa gwa, wopweteka kuposa bala lake, makamaka mukatambasula zala, ukufunika opaleshoni yong'amba khungu ndi chikuto cha minofu kuti kupanikizana kuchepe, lero lomwe.

Tsopano mufunseni gadiyani: mankhwala amene wodwala sagwirizana nawo, amene akumwa kuphatikizapo ma ARV, a shuga ndi a khunyu, matenda ena, nthawi imene anadya komaliza, ndi mmene ngozi inachitikira. Kenako muyezeni kuchokera kumutu mpaka kuphazi, malo ndi malo. Apa ndi pamene mumapeza dzanja lothyoka, diso lovulala ndi bondo lomasuka.

Kutumiza ku chipatala chachikulu

Ganizo lotumiza lipangidwe mu mphindi zoyambirira, mukangoona kuti vutolo laposa zimene muli nazo. Musachedwe ndi kusoka mabala ang'onoang'ono kapena kujambula mkono. Koma zopulumutsa moyo zichitike asananyamuke: drain ilowe, chiuno chimangidwe, magazi akunja aleke, makanyula awiri amatidwe bwino. Ndipo wotaya magazi m'mimba amene sakukhazikika, ngati pachipatala cha m'boma pali wotha kutsegula mimba, achitidwe pomwepo. Ulendo wa maola atatu kupita ku Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu sangaupirire.

Imbani foni kaye, muyankhule ndi amene akamulandire: zaka, mmene anavulalira ndi nthawi yake, zimene mwapeza, BP, kugunda kwa mtima ndi GCS, ndi zimene mwachita. Zomwezo zilembedwe pa kalata, ndi nthawi ya tourniquet ndi ya tranexamic acid. Namwino akhale kumbuyo ndi wodwala, osati kutsogolo ndi dalaivala, ali ndi Ambu bag, suction, madzi, magazi ngati alipo, ndi kanyula ya 14G. Werengerani okosijeni wa ulendo wonse n'kuwonjezerapo wa ola lina. Botolo la chest drain likhale pansi pa msinkhu wa chifuwa, loimirira, ndipo chubu chake chisapanidwe panjira. Wokomoka wopanda chubu cha m'kholingo ayende chogonera m'mbali, mutu ndi msana zili mzere umodzi. Mukangomukweza mu ambulansi onaninso ABCDE, chifukwa machubu amazuka ponyamula, ndipo panjira muzibwereza mphindi 15 zilizonse.